Za ma supercharger mwafunsazi achimwene

Achimwene mwafunsa kuti geni yobweretsa ma supercharger, zida zozungulitsidwa ndi lamba zokankhira mpweya wambiri mu injini, ndi zida zina zokwezera mphamvu ya injini imayenda bwanji, komanso ngati kasitomala angathe kumanga yekha pakhomo osapita ku galaja. Ndiyankha, koma nambala ya amene amandigulitsa musandipemphe, imeneyo ndinaivutikira ndekha. Kumanga pakhomo inde zimatheka, munthu wodziwa sipanala amamaliza pa weekend, mabawuti si nkhani. Koma injini ikanoka wotukwanidwa ndi iwe wobweretsa bokosi, womangayo amakhala phee ngati kulibe.

Muzidziwa chomwe mwanyamula, anyamata ambiri alowa geniyi amangoti supercharger ndi supercharger basi. Pali ya mtundu wa Roots ngati zija za kampani ya Eaton, imakankha mpweya kuyambira ma rev ali pansi penipeni, ukangoponda moto yayamba kale. M45 yomwe inali mu Mini Cooper S yakale ija, M62 ya ma Benz ena olembedwa Kompressor, nambalayo ndi ma cubic inch a mpweya omwe imakankha ikazungulira kamodzi, pamene TVS1320 ndi TVS1900 akuwerenga ma cc. Pali twin screw ya Whipple ndi Sprintex yomwe imapanikiza mpweya mkati mwake momwemo. Ndiye pali centrifugal, ma Rotrex, Vortech, ProCharger, iyi pansi imagona, imadzuka ma rev akakwera. Munthu wongoyenda mtauni ukamugulitsa centrifugal osamufotokozera akubwera mawa lake kuti mwandipatsa chakufa. Ndipo Rotrex ili ndi oyilo wakewake, traction fluid, wa injini sulowamo, botolo likasowa m'bokosi mudzayenda mashopu onse mpaka nsapato kutha.

Ine sindiyitanitsa kanthu ndisanaone chassis number ndi chithunzi cha injini bonet yotsegula. Munthu amati ndili ndi Toyota 86, ee 86 yake iti? Yoyamba ija ya 2012 ili ndi injini ya FA20 ya malita 2.0, GR86 yatsopanoyi ili ndi FA24 ya 2.4, kit ya iyi siikwana pa iyo. Mbali ya chiwongolero nayonso mufunse, ma kit ena a ku America anapangidwira galimoto ya chiwongolero kumanzere, ukabwera nayo pa ya kumanja paipi ikugunda brake booster, kasitomala wayamba kudula ndi grinder. Za kutumiza sinditaya nthawi, mungodziwa kuti pa ndege salipiritsa kulemera kokha, amachulukitsa utali, mulifupi ndi msinkhu wa katoni mu ma sentimita nkugawa ndi 6000, ma courier ambiri ndi 5000, chachikulu pakati pa yankholo ndi kulemera kwenikweni ndi chomwe ulipire. Intercooler, choziziritsa mpweya usanalowe mu injini, ndi mapaipi ndi zopepuka koma zimadya malo, ndiye ukawerengera ma kg okha phindu lonse latsala m'katoni.

Tsopano pa boda. Mxii. Supercharger pa HS code, manambala omwe a pa boda amagawira katundu m'magulu, imagwera pa 8414, limodzi ndi turbo ndi ma kompresa a mpweya. Mapisitoni ndi ma rod ali pa 8409, kilatchi ili pa 8708. Izi muloweze ngati dzina lanu chifukwa ofesala amene wadzuka ndi mkwiyo amakankhira chilichonse pamene duty yake ndi yonona. Amawerengera pa CIF, mtengo wa katundu kuphatikiza inshuwalansi ndi thiransipoti, kenako VAT ikukwera pamwamba pa zonsezo ndi duty yomwe, msonkho pa msonkho. Ndipo musanamizidwe kuti poti mwagula m'dziko loyandikana nalo ndiye mulowa mwaulere ndi satifiketi ya origin, satifiketi imayang'ana komwe chinapangidwa, kit ya ku Japan imakhala ya ku Japan ngakhale mwaigula pa shopu yoyang'anizana ndi geti ya boda.

Pamenepa mpomwe ndinatsala pang'ono kufera. Kunabwera mkulu wina, wovala bwino, mafungulo akuzunguza pachala, ali ndi 86 yoyera ya FA20. Akufuna kit yonse, charger, intercooler, ma injector, pampu ya petulo, kilatchi, ndi kachipangizo kolowetsera tune, malangizo atsopano oyendetsera injini, mu ECU, kompyuta ya galimoto. Anapereka dipoziti yochepa akuti yotsalayo katundu akafika, ndipo poti anabwera kudzera mwa munthu amene ndimamulemekeza ndinaikapo mpamba wanga, pafupifupi wonse. Kit ndinaipeza pa sale, wogulitsa ankachotsa sitoko yakale, invoisi yeniyeni, umboni wa ku banki ulipo, chilichonse choyera.

Bokosi litafika ofesala anangoyang'ana invoisi nkuseka. Akuti mtengo uwu ndi wabodza. Anatsegula foni nkundionetsa mtengo wa pa intaneti wa kit ina, ya galimoto ina, ya V8 abale, nkumati nayi mtengo wake weniweni. Ndinamuuza kuti bwana lamulo likuti muyambire pa mtengo womwe ndalipiradi, mukaukana mufanizire ndi katundu wofanana, osati chilichonse cholembedwa supercharger. Apo mpomwe ndinamuputa. Munthu wa yunifolomu safuna kuphunzitsidwa ntchito ndi wa geni. Anati ndiye tiitane wodziwa za injini adzaone, wodziwayo lero ali ku msonkhano, mawa network yagwa, mkuja amene amasaina wapita ku maliro, uku storage ikuwerenga tsiku ndi tsiku osapuma ngakhale Lamulungu. Ejenti wanga, amenenso ndimamukayikira mpaka lero kuti ankadya nawo, ankangondinong'oneza kuti akulu muwaone pang'ono anthuwa. Sindinapereke. Anthu amati ndine wouma mutu, chabwino, koma ukapereka kamodzi nkhope yako yasanduka ATM, bokosi lililonse lobwera pambuyo lidzakhala ndi vuto.

Ndinalemba apilu, ndinabweretsa ma email onse a wogulitsa, mapeto ake anatsitsa koma osafika pa invoisi yanga, ndipo storage inali itadya kale zomwe ndinkati ndi phindu. Bokosi analitsegula kangapo, aliyense kugwiragwira, kulitseka ndi tepi mwachisawawa. Nditafika nalo ndikuwerenga ndi packing list, kachipangizo ka tune kalibe. Kanthu kakang'ono kokwana m'thumba la jekete. Kukafunsa akuti tinalandira choncho, saina apa. Wina mwina ankaganiza kuti ndi foni kapena power bank, kaya anakagulitsa zingati.

Mkulu uja ndinamuuza maso ndi maso, ndinalembanso pa WhatsApp, kuti kit nayi koma musalize galimoto mpaka kachipangizo kena kafike komanso mpaka munthu wa dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto, aione. Iye anali atauza kale anzake kuti Loweruka aonetsa anthu fumbi. Anamanga pakhomo ndi mlamu wake akuonera YouTube, ndipo ndinene chilungamo anamanga bwino, lamba anali mu mzere, palibe chodontha. Kenako anapeza mnyamata wa laputopu amene anamuikira map, fayilo ya tune, yotsitsa pa intaneti yolembedwa 93. Iye poona 93 anati aa petulo wa pa pampu ndi yemweyo. Ku America nambala ya pa pampu ndi AKI, amaphatikiza RON ndi MON, njira ziwiri zoyezera kupirira kwa petulo kuti asaphulike yekha, nkugawa pawiri, 93 yawo ili cha ku 98 RON, 91 yawo ndi cha ku 95. Ndiye tangoganizani, FA20 compression yake ndi 12.5:1 kuchokera ku fakitale, yokwera kale, mwaiwonjezera boost, mpweya wopanikizidwa wa charger uja, timing ndi ya petulo wa 98, mu thanki muli wa 93 RON, dzuwa likuswa mtengo. Ngati sizokwanira mlamu uja anamuuza kuti pulley yaying'ono imathamanga kwambiri, anaikaponso yaying'ono. Petulo m'malo moyaka bwinobwino ankaphulika yekha mu silinda, knock sensor inayesa kubweza timing koma ili ndi malire ake. Pisitoni inasweka pa ma ring, rod inapindika, block inaboka. Galimoto inabwera pa breakdown.

Mukuganiza anati chani? Kuti ndinamugulitsa feki. Yotsala ija anakana kulipira, akufunanso injini yatsopano, chithunzi changa chili pa Facebook ndi mawu oti wakuba, anthu oti sanaonepo supercharger chibadwire akulemba kuti ammange ameneyo. Makasitomala awiri omwe anali atapereka madipoziti a zinthu zina anafuna ndalama zawo tsiku lomwelo, ndipo ndalamazo zinali m'katundu ali pa njira. Ndinalowa katapila, ndinagulitsa pickup yomwe inkandidyetsa, mayi a kunyumba anasiya kundifunsa kuti zikuyenda bwanji chifukwa nkhope inkayankha yokha. Chinandipulumutsa ndi meseji ija ya pa WhatsApp ndi makaniko wina wachikulire amene anatsegula injini pamaso pa tonse, anatulutsa mapulagi ali ndi timadontho ta aluminiyamu, anaonetsa pisitoni yodyeka m'mphepete nkunena kuti iyi ndi detonation, kuphulika kwa petulo yekha kuja, charger ilibe mlandu, anaizungulitsa ndi dzanja ili bwinobwino. Mkulu uja sanapepese, post anangoichotsa mwakachetechete. Charger yomweyo ndinailanda, ndinaigulitsa kwa munthu wina wofatsa amene anapita nayo pa dyno, ikuyenda mpaka pano ndipo amandipatsa moni ndi hutala tikakumana. Ngongole ndinabweza yonse, palibe amene angaime kutsogolo kwanga kuti ndinamudyera.

Ofesala uja ndimamuonabe, ananenepa.

Mwati kumanga pakhomo eti, ndinatsala pang'ono kuiwala. Amene ndimamugulitsa tsopano amayamba wandionetsa compression test ndi leak down, zoyeza ngati masilinda akugwirabe mpweya, injini yotopa ukaipatsa boost uli ngati ukusenzetsa nkhalamba thumba la simenti. Tune ikhale ya petulo amene amathiradi, osati amene amalota, ndipo laisensi ya mapulogalamu a tune ngati EcuTek imamangidwa ku ECU ya galimoto imodzi, tizipangizo tam'manja tambiri timakwatirana ndi galimoto yoyamba, ndiye mukagula kit yakale kwa munthu amene sanakamasule mwagula chidole. Wideband, geji yoyeza kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo, ikhalepo, 14.7:1 ndi ya poyenda pang'onopang'ono, pa boost ukufuna cha m'ma 11.5 mpaka 12, nambala ikakwera kupitirira apo petulo wachepa, chotsa phazi. Ma kit ambiri a injini yosatsegula amasewera cha pa theka la bar, bar imodzi ndi 14.5 psi, wofuna zoposa apo agule kaye mapisitoni ndi ma rod a forged ndipo imeneyo sintchito ya pakhonde ayi. Mapulagi ozizirirapo, gap yochepetsa. Intercooler ya madzi muichotse mpweya bwinobwino ndipo mumve ndi khutu kuti kapampu kake kakulira, ambiri amaiwala fuse yokha nkumadabwa kuti galimoto ikatentha ikufooka. Fumbi lakuda pafupi ndi pulley ndi lamba akuterereka. Kilatchi ya fakitale siichedwa kuyamba kununkha, muuzeni kasitomala asanagule kuti asadzati simunanene. Oil cooler ine ndimakakamiza. Mabuleki palibe amene amawafunsa, aliyense akufuna kuthamanga, zoima aziona kutsogolo kkkk. Torque wrench agule, zomanga ndi mphamvu za m'manja pa aluminiyamu zimatha ndi ulusi wodyeka. Ndipo a inshuwalansi awauze kuti galimoto yasinthidwa, akabisa tsiku la ngozi adzalira yekha.

Tsopano dipoziti kwa ine ndi mtengo wonse wa kit ndi thiransipoti, duty timagawana pepala likatuluka, kaya ndiwe mwana wa amalume kaya wabwera ndi abusa. Katoni ndimajambula vidiyo isanatsekedwe kwa wogulitsa, pa boda potsegula ndimaima pomwepo foni ili m'manja, amadana nazo koma aziona. Tizinthu ting'onoting'ono todula, ma injector, masensa, kachipangizo ka tune, timabwera patokha ndi invoisi yaketake. Ndipo ndalama ya kasitomala uyu siigwira katundu wa kasitomala uyo ngakhale zitavuta bwanji.

Inuyo ngati mpamba wanu ndi wa kit imodzi musayambe ndi kit. Bweretsani malamba, mapulagi, ma gauge, makilatchi, ma oil cooler, zinthu zoti zikagwidwa pa boda mwezi wathunthu mugonabe tulo, ndipo anthu omwe anamanga kale amazifuna chaka ndi chaka, lamba amatha, oyilo wa charger amafuna kusintha. Mupezenso kaye munthu wa dyno amene mungamukhulupirire musanalonjeze aliyense ma horsepower, ine wanga ndinamupeza nditayesa angapo a laputopu omwe amangokopera map ya mnzawo nkusintha dzina la fayilo. Ameneyonso nambala yake sindipereka, ali ndi ntchito yokwana kale ndipo magalimoto anga amadikira pa mzere.