Psychology ya ku yunivesite ndi masamu ake

Imelo ina imene ndalandira sabata ino yachokera kwa mtsikana amene wangosankhidwa kumene kupita ku yunivesite. Akuti mtima wake uli pothandiza anthu ovutika maganizo, ndiye wasankha psychology, koma mnzake wamuopseza kuti kumeneko kwangodzaza masamu. Akufunsa ngati izi zili zoona, komanso ngati aphunzitsi a m'dipatimenti imeneyi amachiza anthu.

Achemwali, mnzanuyo sananame. Masamuwo mukawapeza, ndipo ndi statistics, masamu ounika manambala osonkhanitsidwa pa kafukufuku. Chiyambire pomwe Wilhelm Wundt anatsegula labotale yake ya psychology ku Leipzig, ku Germany, mu 1879, phunziroli lakhala likulimbikira kuyeza zinthu, osati kungofotokoza zimene munthu akuona ngati n'zoona. Digiri yoyamba imakuphunzitsani mmene munthu amakumbukira, mmene mwana amakulira, mmene ubongo umagwirira ntchito, ndi mmene anthu amasinthira akakhala pagulu. Zochiza zimabwera pambuyo, ku masitazi (digiri yachiwiri) ndi maphunziro oyang'aniridwa ndi akatswiri. Amene nthawi zambiri amalemba mankhwala ndi psychiatrist, yemwe ndi dokotala, ndipo njira yake ndi ina.

Kuti muone kukoma kwa masamuwo, tengani kayesedwe ka Stroop ka 1935, kamene ophunzira ambiri amachita chaka choyamba. Pa kompyuta pakubwera mawu akuti "chofiira", koma olembedwa ndi inki yobiriwira. Ntchito yanu n'kutchula mtundu wa inkiyo. Lilime limathamangira kuwerenga mawuwo, mumadodoma, mwina n'kuseka nokha. Kuchedwa kumeneko n'kochepa, sikukwana ndi sekondi imodzi yomwe. Nanga mudziwa bwanji kuti kuchedwako n'kwenikweni, sikuti anzanu anangotopa tsiku limenelo? Apa ndiye pamene statistics imalowera, ndipo munthu umayamba kuikonda ukamawerengera manambala ako omwe wasonkhanitsa wekha.

Aphunzitsiwo, ena amaonadi odwala, koma ambiri ayi. Akatuluka m'kalasi amakachonga mayeso, kuyang'anira ophunzira amene akulemba kafukufuku, kulemba makalata opempha ndalama zofufuzira, ndi kudikira yankho la magazini a sayansi, lomwe nthawi zambiri limabwera lokana. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amayamba wadutsa ku komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha otenga nawo mbali. Ophunzira amadandaula kuti komitiyi imachedwetsa ntchito. Ine ndimaiikira kumbuyo. Mu 1961 Stanley Milgram, ku yunivesite ya Yale ku America, anauza anthu kuti azimenya mnzawo ndi magetsi akalakwitsa funso. Magetsiwo anali abodza, koma iwo sankadziwa, ndipo 26 mwa anthu 40 anafika mpaka pa mavoti 450, ena akutuluka thukuta ndi kunjenjemera. Lero kafukufuku wotero sangaloledwe mmene anachitikira.

Chimene ndingakonde kuti mupite nacho n'chakuti zolembedwa m'mabuku anu zikufufuzidwabe. Mu 2015 gulu lalikulu la ofufuza linabwereza kafukufuku 100 wofalitsidwa kale, ndipo osakwana 40 ndi amene anapereka zotsatira zomveka ngati poyamba. Vuto lina analionetsa Jeffrey Arnett mu 2008: pafupifupi 96 pa 100 alionse a anthu ofufuzidwa m'magazini akuluakulu anali a mayiko olemera a azungu, kumene panthawiyo kunkakhala anthu 12 okha pa 100 alionse a padziko. M'magazini imodzi yaikulu mwa amenewa, ambiri mwa ofufuzidwawo anali ophunzira a pa yunivesite pomwepo, poti ndiwo ali pafupi. Choncho dipatimenti yabwino ndi imene mphunzitsi wake amakuuzani kuti mfundo iyi inayesedwa pa ndani, anthu angati, ndipo inabwerezedwa kapena ayi.

Mukafika, funsani mphunzitsi mmodzi zimene akufufuza panopa, n'kudzipereka kumuthandiza, ngakhale kungolowetsa mayankho a mafunso mu SPSS kapena R, mapulogalamu a pa kompyuta ochitira statistics. Ntchitoyo ndi yotopetsa, sindikubisirani, koma mphunzitsi ameneyo ndi amene adzakulembereni kalata yokuchitirani umboni podzafunsira malo a masitazi.