Musafulumire kubweza pleyayo, yambani mwayang'ana zimbale

Amayi, ndawerenga funso lanu kawiri. Mwanena kuti muli ndi zimbale za DVD zokwana 7, zina za ukwati wa mwana wanu zimene anakupatsani wojambula, zina zimene munajambula nokha kunyumba kuchokera ku matepi akale. Mwagula ku Kamwala pleya ya m'manja, ija yokhala ndi sikirini ndi batire yake, kuti mukaonetse agogo ku Katete, koma mukaika zimbalezo imangozungulira n'kulemba kuti "No Disc", pamene mafilimu ogula m'sitolo ikuonetsa bwinobwino. Ndiye mukufunsa ngati muibweze.

Musafulumire kuibweza. Pleya imene ikuwerenga chimbale chogula ndi yamoyo, ndipo kawirikawiri vuto lotere limakhala m'mene chimbalecho chinajambulidwira. Mukasinthanitsa ndi ina musanadziwe chimene chavuta, mudzangotaya ndalama za minibasi n'kubwera ndi pleya yatsopano yolemba mawu omwewo.

Ndiyambe ndi zimbale zimene munajambula nokha, chifukwa ndi zimene zikundidetsa nkhawa kwambiri. Makina ojambulira DVD a m'nyumba, ngakhalenso makamera aja olowa timbale tating'ono ta masentimita 8, akamaliza kujambula amasiya chimbale chili chotsegula kuti tsiku lina mudzaonjezepo zina. Chimbale chotere chimaoneka bwino pa makina amene anachijambula okha, chifukwa iwo amadziwa pamene anasiyira. Pleya ina iliyonse imayamba yafunafuna mndandanda wa zamkati, umene umalembedwa pokhapokha chimbale chikatsekedwa, ndipo ikausowa imaona ngati mwaikamo chimbale chopanda kanthu. Kutsekako pa menyu ya makina kumalembedwa kuti Finalize, nthawi zambiri pansi pa Disc Setting kapena Disc Edit. Ngati makina aja akadalipo ndipo akuyaka, bwezeranimo chimbale chilichonse, sankhani mawu amenewo, dikirani mphindi zingapo mpaka amalize okha. Chitani zimenezi nthawi imene mukudziwa kuti magetsi sazima, pakuti akathima ntchitoyo ili pakati chimbalecho chikhoza kuwonongekeratu. Dziwaninso kuti DVD-R kapena DVD+R ikatsekedwa simungaonjezeponso kanthu.

Ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: makina akalewo musawagulitse, musawapereke kwa munthu, ndipo musawataye zimbale zonse zisanatsekedwe. Chimbale chimatsekedwa ndi makina amene anachijambula, kapena ena a kampani yomweyo ofanana nawo, osati alionse. Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa. Tinajambula mwambo wovundukula chiliza cha malemu bambo athu pa kamera ya timbale tating'ono, kamerayo tinabwereka, ndipo mwini wake atasamuka anapita nayo. Patapita zaka, mayi anafuna kuona, koma timbale tonse titatu tinkakana paliponse. Ndikatembenuza kamodzi n'kukayang'ana padzuwa, mzere wojambulidwa unkaoneka ndithu, wakuderako kuyambira pakati mpaka pafupi ndi m'mphepete, kusonyeza kuti zithunzi zilimo, koma njira yozifikira panalibe. Tinapulumuka chifukwa cha mnyamata wina wokonza makompyuta ku Town Centre amene anazitulutsa ndi pulogalamu yotchedwa IsoBuster, imene imatha kuwerenga zimbale zosatsekedwa. Ngati makina anu anafa kale, njira ndi imeneyo. Chenjerani pano: chimbale chosatsekedwa mukachiika mu kompyuta, Windows ikhoza kuchiona ngati chatsopano n'kukufunsani ngati mukufuna kuchikonza kuti mulembepo. Kanani, makamaka ngati ndi cha RW, mtundu umene umatha kufafanizidwa n'kujambulidwanso, chifukwa mukavomera mufafaniza zonse.

Pamene muli pa makina omwewo, werengani zimene zalembedwa pa chimbale. DVD-RW imajambulidwa m'njira ziwiri, Video mode ndi VR mode. Ya VR imalola kudula ndi kufufuta zigawo, n'chifukwa chake anthu ankaikonda, koma mapleya ambiri ang'onoang'ono saidziwa ngakhale chimbale chitatsekedwa, kupatula amene pabokosi pake palembedwa kuti RW Compatible. DVD-RAM nayonso, imene inkapezeka kwambiri ndi makina a Panasonic, ndi mapleya a m'manja ochepa amene amaiwerenga. Zimbale za mitundu iwiriyi palibe chochitira mwina koma kuzikopera pa kompyuta n'kuzijambulanso pa DVD-R.

Tsopano za ukwati zija. Masiku ano ojambula ambiri amakonza vidiyo pa kompyuta, n'kungotenga fayilo ya MP4 kuikokera pa chimbale monga mmene munthu amaikira zinthu pa fulashi. Pa laputopu imaoneka bwino, wojambula amalandira ndalama zake, inunso mumachoka mutakhutira, koma chimenecho ndi chimbale chosungira mafayilo chabe, osati DVD ya vidiyo. Kuti mudziwe, chiikeni mu kompyuta n'kutsegula. DVD yeniyeni imakhala ndi foda yotchedwa VIDEO_TS, ndipo mkati mwake mumakhala mafayilo othera ndi VOB, IFO ndi BUP, zithunzi zake zili mu MPEG-2. Mukapeza fayilo imodzi yaikulu yothera ndi MP4 kapena MOV, vuto mwalipeza. Mapleya a m'manja ambiri sadziwa H.264, njira yosungira vidiyo imene mafoni ndi makamera ambiri a masiku ano amajambulira. Amene amawerenga mafayilo amadziwa kwambiri AVI ya DivX kapena Xvid, ndipo kukula kwa chithunzi kusapitirire timadontho 720 chopingasa ndi 576 chotsika. Vidiyo ya HD, yokhala 1920 ndi 1080, imawakulira.

Mankhwala ake ndi kuisintha. Pulogalamu ya DVDStyler ndi yaulere, imatenga MP4 n'kupanga foda ya VIDEO_TS pamodzi ndi menyu, ndipo ikakufunsani musankhe PAL, chifukwa ndiyo imene timagwiritsa ntchito kuno ku Zambia, ya zithunzi 25 pa sekondi. Ngati foda ya VIDEO_TS ilipo kale, ImgBurn, yaulerenso, imaibena moyenera, kutanthauza kuilemba pa chimbale. Ngati simuzolowera kompyuta, pitani kwa anyamata obena nyimbo ku City Market kapena kwanu komweko, koma muwauze momveka kuti mukufuna DVD-Video yoonera pa pleya, osati data, ndipo pleya yanuyo mupite nayo muyesere pomwepo musanalipire. Chimbale wamba chimalowa 4.7 GB, zimene ndi pafupifupi maola awiri a chithunzi chabwino. Ukwati wa kwathu kuno, kuyambira kutchalitchi mpaka kuholo, supita pansi pa maola anayi, choncho ndi bwino kuugawa pa zimbale ziwiri kapena zitatu kusiyana ndi kuupanikiza pa chimodzi mpaka nkhope za anthu kuchita mabwalomabwalo. Zilipo zimbale za 8.5 GB za magawo awiri, koma ine sindizikhulupirira pa mapleya ang'onoang'ono, chifukwa ambiri amakakamira pakati pamene akudumphira gawo lachiwiri.

Pogula zimbale zopanda kanthu, sankhani DVD-R. Mtundu umenewu ndi wakale, unayamba ndi Pioneer mu 1997, pamene DVD+R inabwera mu 2002, ndipo ngakhale mapleya ambiri amawerenga yonse iwiri, ya chizindikiro chochotsera ndiyo imene sinandivutepo kwenikweni. Pobena musalole liwiro la 16x ngakhale palembedwa choncho. 4x kapena 8x imalemba mooneka bwino, ndipo kadiso kowerengera chimbale ka pleya yaing'ono sikavutika. Chifukwa chake ndi ichi: chimbale chogula m'sitolo chimadindidwa ku fakitale ndipo chimabweza kuwala kwambiri, pamene chobena kunyumba chili ndi utoto, uja wooneka wofiirira kunsi, umene leza imauwotcha timadontho. Utotowo subweza kuwala mofanana ndi chodinda, ndiye pleya imene kadiso kake kayamba kufooka kapena kachita fumbi imayamba kukana zobena pamene zogula ikuwerengabe.

Mwina wina akuuzani kuti ndi nkhani ya region, loko woletsa chimbale cha chigawo china cha dziko lapansi kuoneka pa pleya ya chigawo china. Zambia ili m'chigawo 5, South Africa m'chigawo 2, ndipo zimenezi zimavutadi pa mafilimu ogula, koma zimbale zojambula kunyumba sizikhala ndi loko ameneyo. Musalipire munthu kuti akutsegulireni chimene sichinatsekedwe.

Zikapezeka kuti chimbale n'chotsekedwa, VIDEO_TS ilimo, pa pleya ya aneba chikuoneka, koma pa yanu chikukanabe, pamenepo yang'anani pleyayo. Tsegulani chivundikiro, muona kagalasi kakang'ono ngati diso la nsomba pafupi ndi pamene chimbale chimakhala. Fumbi la Lusaka miyezi ya August mpaka October sililekerera chinthu, ndipo katundu amene wakhala pa shelefu nthawi yaitali amalimwa ngakhale ali watsopano. Zimitsani pleya, tengani kathonje ka m'makutu kouma, kapena konyowetsa pang'ono kwambiri ndi spiriti ya isopropyl, mupukute kagalasiko mopepuka osakanikiza, ndipo mudikire kaume. Chimbale nachonso chipukuteni ndi nsalu yofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira. Pochiika, chikanikizeni pakati mpaka mumve kuti chagwira, chifukwa pa mapleya amenewa chimbale chimakola pa timano ting'onoting'ono, ndipo chikangokhala pamwamba chimazungulira mopendama. Yesaninso pleya ili pa chaja. Ndaonapo ina ikukana chimbale batire itatsika, n'kuchiwerenga itangolumikizidwa. Zimbale zomata pepala la zithunzi za akwati pamwamba nazonso zimavuta, pakuti pepalalo likayamba kumatuka ndi kutentha chimbale chimalemera mbali imodzi. Zonsezi zikalephera, ndiye mukhoza kubwerera ku Kamwala, mutanyamula chimbale chimodzi chotsimikizika choyesera pleya imene akupatseniyo.

Popeza ulendo wake ndi wa ku Katete, makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road, ndingakulangizeni kuti musadalire zimbale zokha. Yang'anani m'mbali mwa pleya ngati muli polowetsa fulashi kapena khadi ya SD. Ngati mulipo, vidiyoyo isinthidwe kukhala AVI, iikidwe pa fulashi yokonzedwa m'njira yosungira mafayilo yotchedwa FAT32, fayilo iliyonse isafike 4 GB, chifukwa FAT32 silandira yoposa pamenepo, ndipo mapleya ambiri otere sawerenga njira ina yotchedwa NTFS. Fulashi sidumpha ikagwedezeka ndipo batire imakhalitsako, popeza palibe chozungulira. Zimbale zoyambirira zisiyeni kunyumba m'makesi awo, pamalo ozizira ndi amdima, mupite ndi zokopera. Utoto uja umawonongeka ndi dzuwa, ndipo chimbale chosiyidwa pawindo la basi masana onse chikhoza kufika chitafa.

Musanachite china chilichonse, tengani zimbale zonse 7 muziike mu kompyuta chimodzichimodzi, ndipo zimene zikutseguka muzikopere pa hard drive lero lomwe. Kenako mulembe pano zimene zalembedwa pa chimbale chilichonse, kaya DVD-R, DVD+R kapena RW, dzina la makina amene munajambulira, ndi mayina a mafayilo amene mwawapeza mkati. Ndikaona zimenezo ndidzakuuzani zimene zikungofunika kutseka ndi zimene zikufunika kujambulanso.