Funsani Amalume: Zipewa ziwiri za NY zadanitsa mkamwini ndi apongozi ake

Amalume,

Mwana wathu wamkazi ndi namwino ku New York ndipo anakwatiwa ndi mnyamata wa komweko. Tsiku lina tikucheza nawo pa vidiyo ya WhatsApp, bambo a kunyumba kuno anali atavala chipewa chawo cha NY chomwe anagula pa salaula ku Kapata, poyesa kuti mkamwini akondwera kuona dzina la kwawo. Iye kungochiona anagwira kumutu n'kukuwa kuti achivule. Mwana wathu ankangoseka. Patapita mwezi tinalandira phukusi, mkati muli chipewa china, cha NY chomwecho, koma zilembo zake zamtundu wa lalanje. Bambo akana kuchivala, akuti mkamwini salamula apongozi chovala. Anawa akubwera mu February kudzaonera Nc'wala. Kodi chimenechi ndi chipongwe, kapena pali chomwe sitikuchidziwa?

Mayi wa ku Kapata, Chipata

Amayi, chipongwe palibe, koma kamlandu kalipo ndithu, ndipo tikaweruza. Yambani mwatenga zipewa zonse ziwiri muziike pamodzi. Cha pa salaula chija ndi chabuluu woderako, kungotsala pang'ono kukhala chakuda, N ndi Y oyera atakolana. Chimenecho si chipewa cha mzinda ayi. Ndi cha timu ya baseball, masewero omenya kampira ndi chibonga, yotchedwa New York Yankees. Cha m'phukusicho ndi chabuluu wowala, zilembo zalalanje, ndipo eni ake ndi New York Mets. Kwathu kuno chipewa ntchito yake ndi kutchinga dzuwa la mu October basi, n'chifukwa chake anyamata ambiri onyamula anthu pa njinga m'tauni muno ndi a Yankees mosadziwa. Ku New York munthu akakuonani nacho kumutu wadziwa kale mbali yomwe mwaima. Bambo, ndi mtima wawo wabwino, anavalira mkamwini chipewa cha adani ake.

Kuti mumvetse chomwe chinamugwiritsa kumutu, muyenera kudziwa kuti matimu awiriwa salingana mphamvu. Yankees bwalo lawo lili ku Bronx ndipo atenga chikho chachikulu cha baseball, cha World Series, ka 27. Palibe timu ina yomwe yayandikirako. Choyamba anachitenga mu 1923, m'masiku a Babe Ruth, ndipo pambuyo pake kunabwera a Joe DiMaggio, a Mickey Mantle, a Derek Jeter, mpaka Aaron Judge wa lero. Mets ali ku Queens, ndipo chikhocho achigwira kawiri kokha, mu 1969 ndi mu 1986. Ngati mkamwini wanu sanakwane zaka makumi anayi, ndiye kuti n'kutheka sanaonepo ndi maso ake timu yake itanyamula chikho.

Ndipo Mets anabadwira pa maliro. Kale mzindawu unali ndi matimu atatu: Yankees, Brooklyn Dodgers ndi New York Giants. Pakati pa 1947 ndi 1956, Dodgers anakumana ndi Yankees mu World Series kasanu ndi kamodzi, napambana kamodzi kokha, mu 1955. Anthu a ku Brooklyn ankalira, koma timu yawo ankaikonda, makamakanso chifukwa ndi yomwe mu 1947 inatsegulira khomo Jackie Robinson, munthu wakuda, m'masewero omwe kwa zaka zambiri ankasala akuda. Kenaka mpikisano wa 1957 utatha, eni matimu anasamuka: Dodgers ulendo ku Los Angeles, Giants ulendo ku San Francisco. Ochemerera awo anatsala amasiye. Akanatha kungopita kwa Yankees, koma ambiri anakana kwamtuwagalu kugwadira timu yomwe inawaliza zaka zonsezo. Mu 1962 anawapangira timu yatsopano, Mets, natenga buluu wa Dodgers ndi lalanje wa Giants kukhala mitundu yake. Choncho chipewa chomwe bambo akuchinyozacho chanyamula matimu awiri omwe anachoka. Chaka choyambacho Mets anagonja masewero 120, napambana 40 okha, koma anthu ankapitabe kukawachemerera.

Kwa zaka zambiri udaniwu unali wa pakamwa chabe, chifukwa Yankees ali mu American League pamene Mets ali mu National League, ndipo matimu a maligi awiriwa sankakumana m'kati mwa mpikisano wa chaka. Zinasintha mu 1997. Kuyambira pamenepo amakumana chaka chilichonse, ndipo masewerowo amawatcha Subway Series, potengera sitima za mumzindamo: nambala 4 imakafika ku Yankee Stadium, nambala 7 imakafika ku Citi Field kwa Mets. Chilonda chenicheni chinabwera mu 2000, pomwe awiriwa anakumana mu World Series momwemo. Yankees anapambana masewero anayi, Mets amodzi, ndipo chikho anachisangalalira pa bwalo la Mets lakale, Shea Stadium. M'masewero achiwiri, woponya mpira wa Yankees, Roger Clemens, anatola chidutswa cha chibonga chothyoka n'kuchiponya cha komwe kunkathamangira Mike Piazza wa Mets, munthu yemwe Clemens yemweyo anali atamugenda ndi mpira m'mutu miyezi yochepa m'mbuyomo. Bambo akafuna kuona mkamwini akutuluka thukuta, angotchula dzina la Clemens.

A Mets amakonda kudzitcha anthu wamba, ovutika, n'kumanena a Yankees kuti ndi odzikuza, okonda zopambanapambana. A Yankees nawo amayankha kuti alibe nthawi yolimbana ndi mng'ono wawo, mdani wawo weniweni ndi Boston Red Sox, ndipo mawu amenewo ndi omwe amawawa kuposa kutukwanidwa. Ine nkhani ya umphawi wa Mets sindiivomereza masiku ano. Mu 2020 timuyi inagulidwa ndi Steve Cohen, mmodzi mwa anthu olemera kwambiri ku America, ndipo mu December 2024 anakwatula Juan Soto, katswiri yemwe anali atangothandiza Yankees kufika mu World Series, pa mgwirizano wa zaka 15 wa madola 765 miliyoni. Mmphawi uti amachita zimenezo? Soto atabwerera ku Yankee Stadium atavala za Mets, anthu anamukuwiza, ena anachita kumufulatira.

Tsono tibwere kwathu. Bambo akudziwa bwino za chimbuya chathu ndi Abemba. Makolo athu Angoni anamenyana nawo ndi mikondo, koma lero Mbemba akhoza kuimirira pa maliro a m'bale wanu, kukuthirani ufa kumutu, kukunenani kuti ndinu odya mbewa, inu n'kumubwezera za anyani, aliyense n'kumaseka. Mlendo wosadziwa atamva angathamangire kupolisi. Mkamwini wanu anachita ngati Mbemba ameneyo: anaona chipewa cha adani, nayamba kusereula monga amachitira ndi anzake ku ntchito, ndi azisuweni ake, mwina ngakhale ndi atate ake omubala. Kwawoko munthu amene sumumasuka naye sungamuseke za chipewa. Kukuwa kuja, ndi ndalama zomwe anawononga potumiza phukusi mpaka ku Chipata, zikundiuza kuti akuwaona bambo ngati a m'nyumba mwake.

Pomwe analakwa ndi apa: apongozi si asuweni. Kwathu mkamwini akakumana ndi apongozi amapatuka m'njira, amalankhula motsitsa mawu, sauza munthu wamkulu kuti vulani. Koma wolakwa wamkulu ndi mwana wanu wosekayo, yemwe amadziwa miyambo yonse iwiri ndipo anayenera kumukoka khutu mwamuna wake foni isanathe. Muimbireni payekha mumuuze zimenezo.

Chigamulo changa n'chakuti akamadzatsika basi ya ku Lusaka, bambo akawachingamire atavala cha Yankees chomwecho, mwadala. Amusiye mkamwini avutike nacho njira yonse mpaka ku Kapata. Kunyumba, akulu akhale pansi amuuze kuti anapalamula, alipire tambala mmodzi. Tambalayo akadyedwa, bambo avale chalalanje chija popita ku Mtenguleni, ajambulitse naye. Adzukulu anu adzakulira ku mbali ya Mets, zimenezo simungazisinthe, ndipo ndi bwino agogo awo akhale nawo mbali imodzi.

*

Amalume,

Ku kwaya kwathu tatsutsana. Wina akuti Papa Leo amachemerera timu ya Chicago Cubs, wina akuti White Sox. Ine ndimayesa ndi timu imodzi ya mayina awiri. Tiweruzeni.

Mnyamata wa kwaya, Katete

Mphwanga, ukadzapita ku Chicago usadzayerekeze kunena kuti ndi timu imodzi. Cubs ndi a kumpoto kwa mzindawo, bwalo lawo ndi Wrigley Field, chipewa chabuluu chokhala ndi C wofiira. White Sox ndi a kumwera, chipewa chakuda cholembedwa Sox. Kumeneko nthawi zambiri munthu sasankha timu, amaipeza m'nyumba momwe wabadwira.

Mkangano wa ku kwaya kwanuwo unachitikanso ku Chicago komweko. Papa Leo XIV atasankhidwa pa 8 May 2025, a Cubs anafulumira kulemba pa chikwangwani cha bwalo lawo kuti ndi wawo. Mkulu wake wa Papayo anatsutsa pamaso pa atolankhani, nati mng'ono wake wakhala wa White Sox kuyambira kale. Kenaka kunatuluka kanema wa mu 2005 woonetsa Bambo Robert Prevost, monga ankadziwikira nthawiyo, ali m'gulu la anthu pa masewero oyamba a World Series ya chaka chimenecho, akuchemerera White Sox. Anakulira ku Dolton, chakumwera kwa Chicago, ndipo ali Papa kale waonekapo ku Vatican atavala chipewa cha Sox. Amene anati White Sox wawina. Barack Obama nayenso ndi wa White Sox.

Udani wa ku Chicago umandikomera kuposa wa ku New York chifukwa kulibe wamkulu woti n'kudzitama kwambiri, onse ndi odziwa njala. Anakumana mu World Series kamodzi kokha, mu 1906, White Sox n'kupambana. Cubs anatenga chikho mu 1907 ndi mu 1908, kenaka anadikira zaka 108 mpaka 2016. White Sox anachitenga mu 1917, nadikira zaka 88 mpaka 2005, ndipo pakati pakepo pali manyazi a 1919, pomwe osewera awo asanu ndi atatu anaimbidwa mlandu wogulitsa masewero kwa otchova juga, nathamangitsidwa mu baseball moyo wawo wonse. A Cubs njala yawo ankainamizira mbuzi. Nkhani imati mu 1945 mwini malo ena omwera mowa anatulutsidwa m'bwalo chifukwa anabwera ndi mbuzi yake, iye n'kutemberera timuyo. Azungu omwewa amene amatiseka ife tikamanena za mankhwala okwirira pagolo! Ndipo ngati mnzako wa White Sox ayamba matama, umukumbutse kuti mu 2024 timu ya Papa inagonja masewero 121, kuposa ngakhale Mets ya 1962.

*

Amalume,

Ndili ndi kanyumba koonetsera mpira pa TV. Anthu amadzaza pakakhala Arsenal ndi Manchester United, kapena Nkana ndi Power Dynamos. Mlamu wanga akuti ndiziikanso baseball ya Yankees ndi Mets chifukwa ndi derby yaikulu. Kodi ndingapezepo ndalama?

Wamalonda wa ku Mchini, Chipata

Achimwene, mlamu wanu akufunirani zabwino koma sanayang'ane wotchi. Masewero ambiri ku New York amayamba cha m'ma 19:00, pomwe kuno ili 01:00 usiku, ndipo amatenga maola awiri ndi theka kapena kupitirirapo. Sewerolo lokha silovuta: timu iliyonse imakhala ndi anthu 9, wina amaponya kampira kolimba, wa timu inayo amakamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira malo anayi, ndipo akabwerera pomwe anayambira ndiye chigoli. Amasinthana choncho ka 9, ndipo akafanana amapitiriza mpaka wina apambane. Koma timu imodzi imasewera masewero 162 pa chaka, motero kugonja lero si nkhani yoti munthu n'kukana nsima, mawa akumananso.

Nkana ndi Power Dynamos zimakudzazirani nyumba chifukwa anthu a ku Mchini ali ndi abale ku Kitwe, ena anakulira ku Wusakile kapena ku Ndeke makolo awo akugwira ntchito kumeneko, ndipo wogonja amadziwa kuti m'mawa akumana ndi womuseka pamsika. Kodi wa Mets akagonja, ndani ku Mchini adzamuseke? Ngati mukufuna derby yowonjezera, yang'anani kutsidya kwa Mwami: Bullets ndi Wanderers za ku Blantyre zili ndi ozitsatira kuno, zimasewera masana, ndipo anthu amadziwa kale nyimbo zake. Baseball muyeseni Lamlungu limodzi pomwe kwawoko akusewera masana, kuno ikakhala cha m'ma 19:00, osalipiritsa pakhomo. Mugulitse zakumwa ndi chiwaya, ndipo mlamu wanuyo mumuimike kutsogolo azifotokozera anthu malamulo.