Mwathyola loko wa WindowsApps? Musathamangire kufomata

Imelo ya sabata ino yachokera ku Nchalo, kwa bambo wina amene ali ndi kashopu kotayipa makalata ndi kupanga fotokope. Akuti laputopu yawo itadzaza, mnyamata wina anawauza kuti chikudya malo ndi foda ya WindowsApps. Fodayo itakana kutseguka, anatsatira kavidiyo ka pa YouTube n'kusintha umwini wake kuti ukhale m'dzina lawo. Kutacha, Calculator, Photos ndi Microsoft Store zimangoti phethi n'kuzimiririka. Akufunsa kuti akonze bwanji osataya mafayilo a makasitomala.

Bambo, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Mafayilo anu ali bwinobwino. Chasokonekera ndi zilolezo basi.

Fodayi, yomwe imasunga mapulogalamu ngati Calculator, Photos ndi a mu Microsoft Store, ili mu C:\Program Files ndipo inabwera ndi Windows 8 mu 2012. Mwini wake si inu, ngakhale muli Administrator, koma akaunti ya Windows yotchedwa TrustedInstaller. Kukana kuja sikunali vuto, anaikonza dala choncho. Pulogalamu iliyonse m'katimo ili ndi zilolezo zakezake, ngati zipinda za lendi zomwe chilichonse chili ndi kiyi wake. Mukasintha maloko onse, alendi amagona panja.

Yambani ndi System Restore, chida chobwezera Windows mmene inalili pa tsiku lapitalo. Tayipani rstrui pa Start, musankhe tsiku la m'mbuyo musanagwire fodayo. Sikhudza zikalata zanu. Tsoka lake, makompyuta ambiri amene ndawaona amakhala kuti System Restore inali yozimitsa.

Ikakanika, funso lalikulu ndi ili: posintha paja, munachonga kabokosi koti zifalikire ku mafoda onse a m'kati? Ngati simunachonge, ntchito ndi yochepa. Pezani kompyuta ina yabwinobwino ya Windows yofanana ndi yanu, mutsegule Command Prompt ngati Administrator, mulembe:

icacls "C:\Program Files\WindowsApps" /save E:\zilolezo.txt

E ija ndi fulashi yanu, chilembocho chikhoza kusiyana. Mukabwera nayo pa laputopu yanu, mutsegulenso Command Prompt ngati Administrator, mulembe:

icacls "C:\Program Files" /restore E:\zilolezo.txt

Kenako mubweze fodayo kwa mwini wake:

icacls "C:\Program Files\WindowsApps" /setowner "NT SERVICE\TrustedInstaller"

Zimitsani, muyatsenso, muyese Calculator.

Pali zinthu ziwiri zimene zimandiwawa ndikamaziona pa intaneti. Ambiri amalangiza icacls /reset /t. Musayerekeze. Lamuloli limafufuta zilolezo zapadera za pulogalamu iliyonse n'kuikapo zotengera ku Program Files, ndiye matenda amangokula. China, mukatsegula Security ya fodayi mungaone uthenga woti chilolezo cha Users ndi chowonongeka. Sichinawonongeke. Ndi chilolezo chokhala ndi lamulo lapadera lomwe kawindo kameneko kamalephera kuwerenga. Ineyo ndinachifufutapo pa kompyuta ya mlamu wanga ku Ngabu, ndikudziona katswiri, ndipo ndinachezera usiku wonse udzudzu ukundidya. Nawo malamulo a sfc /scannow ndi DISM mukhoza kuyesa, koma amakonza mafayilo a Windows owonongeka, osati maloko amenewa.

Nanga ngati munachonga kabokosi kaja? Apa ndikuuzeni mosabisa, kubweza zilolezo chipinda ndi chipinda n'kutaya nthawi. Koperani mafayilo a makasitomala pa fulashi, mutenge ISO ya Windows (fayilo yoikira Windows) patsamba la Microsoft, ya chinenero chofanana ndi chimene muli nacho. Muitsegule muli m'kati mwa Windows momwemo, mudine setup.exe, musankhe "Keep personal files and apps". Kawirikawiri izi zimachiza. Zikakanikabe, kwatsala Reset this PC, yomwe imasunga mafayilo mukasankha "Keep my files", koma mapulogalamu muikanso nokha.

ISO ya Windows 11 imaposa 5 GB, ndiye bandulo muiganizire, kapena mupemphe wina wokwera ku Blantyre akutengereni pa fulashi. Ngati mudakali pa Windows 10, dziwani kuti Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025. Ntchitoyi muiyambe m'bandakucha batire ili yodzaza. Ndi dzuwa la kwathu kuno m'chigwa, laputopu ikatentha masana imatha kudzizimitsa yokha ntchito ili pakati, ndipo magetsi akhoza kuthima osatsazika.

Za malo aja munkafuna, pitani ku Settings, kenako Apps, muchotse mapulogalamu ndi magemu amene simugwiritsa ntchito. Fodayo idzachepa yokha inu osaigwira.