Galimoto yakale imafuna sipanala yake: mafunso anu pa zida zokonzera pakhomo

Funso lochokera ku Zomba: Bambo anga anandisiyira Land Rover ya Series III imene yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zisanu. Ndagula bokosi la masipanala a mamilimita, koma manati ambiri akungoterereka ndipo ena ndawadya kale makona. Vuto ndi masipanala anga kapena galimotoyo?

Achimwene, yambani mwaima kaye, musadyenso nati ina. Masipanala anuwo alibe mlandu, kungoti si a galimoto imeneyo. Series III inkapangidwa ku Solihull ku England kuyambira 1971 mpaka 1985, ndipo mabawuti ake ambiri ndi oyezedwa m'mainchi. Masipanala ake amalembedwa AF, ndipo amene mudzawagwire tsiku ndi tsiku ndi 7/16, 1/2, 9/16, 5/8 ndi 3/4.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti sipanala ya 13 imalowa pa nati ya 1/2. Kulowa imalowadi, koma nati imeneyo ndi ya mamilimita 12.7, ndiye pamatsala kampata. Pa nati yatsopano kampatako simukamva. Pa nati imene yamwa mvula za ku Zomba zaka zisanu, mukangokoka mwamphamvu sipanala imakwera pamakona n'kuwapala. Pa 9/16 ndiye palibe kuchitira mwina: ndi mamilimita 14.3, ya 14 imakana kulowa, ya 15 imangozungulira. Ya 3/4 ndiyo imafanana kwambiri ndi ya mamilimita 19.

Pali mtundu winanso wachitatu. Pa giyabokosi ndi m'ma ekiselo mudzakumana ndi manati amene AF ikukana, mamilimita akukananso. Amenewo ndi a Whitworth, muyezo umene Joseph Whitworth anakhazikitsa mu 1841. Nambala yolembedwa pa sipanala ya Whitworth imanena kunenepa kwa bawuti, osati kukula kwa mutu wake, n'chifukwa chake ya 1/4 W kukamwa kwake ndi mamilimita 13.3. Mazinga akenso ndi osiyana, a madigiri 55 pamene enawa ndi a 60, ndiye musakakamize nati yachilendo pa bawuti yotere ngakhale ikuoneka ngati yayamba kulowa. Onjezerani apo kuti injini zomalizira za m'ma 1980 zili ndi mabawuti a mamilimita, komanso amakaniko onse amene anaigwirapo galimotoyo bambo ali moyo anasiyamo zawo. Ine pa galimoto yotere ndimayenda ndi vernier, kachida koyezera kukula kwa nati, m'thumba la ovolosi, nati iliyonse yokayikitsa ndiyeze kaye.

Masoketi gulani a makona 6, osati 12, chifukwa amagwira m'mbali mwa nati osati pansonga. Shifitingi isiyeni ku mapaipi a madzi. Za komwe mungagule, musanyoze zakale. Ku Ndirande kapena ku Malangalanga ku Lilongwe, pakati pa zitsulo zoyalidwa pansi, mumatha kutola sipanala ya King Dick, Britool kapena Gedore yakuda bii ndi girizi koma kukamwa kwake kuli bwinobwino. Tengani nati yabwino ya saizi imene mukufuna, mukaiyese pomwepo. Ikamagwedera, isiyeni.

Funso lochokera ku Lilongwe: Ndine mayi, ndili ndi Volkswagen Beetle ya 1969 ndipo ndikufuna kuphunzira kuisamalira ndekha. Ndalama n'zochepa. Kupatula masipanala, pa zida zonse za m'galaja mwanu mumakonda ziti?

Mayi, funso ili landisangalatsa, chifukwa zida ziwiri zimene ndimazikonda koposa ndi zotsika mtengo kuposa zonse. Choyamba ndi fila geji, timalata topyapyala tomangidwa pamodzi ngati kampeni kopinda, kalikonse kolembedwa kunenepa kwake. Chachiwiri ndi kababu koyesera magetsi, kamene mungapange nokha ndi babu la mavoti 12 ndi mawaya awiri.

Beetle ilibe radiyeta, imazizira ndi mphepo, ndipo moyo wake uli pa mavavu. Mpata wa vavu iliyonse ukhale mamilimita 0.15, ndipo muyeze injini itazizira, m'mawa isanalizidwe. Mpatawo ukatha, vavu siitsekeka bwino, siipereka kutentha kwake ku hedi, ndiye imapsa. Pa injini za zaka ngati yanuyo silinda ya nambala 3 ndi imene imatentha kwambiri, chifukwa mphepo yopita kumeneko imayamba yadutsa pa choziziritsira oyilo. Ine ndimayeza mavavu nthawi iliyonse ndikasintha oyilo, pa makilomita 5,000.

Kayezedwe kake kali m'zala. Masulani kanati kotsekera, lowetsani kalata ka 0.15 pakati pa vavu ndi roka, ndipo tembenuzani sikulu pang'onopang'ono uku mukukoka kalatako. Kakamatuluka kopanda kukhudza kalikonse, mpata wakula. Kakamapindika mukamakankha, mwafinya. Pabwino ndi pamene kakutsetsereka koma mukumva kuti chinachake chikukagwira pang'ono, ngati mukusolola pepala pansi pa kapu ya tiyi. Mukamanga kanati kaja yezaninso, chifukwa nthawi zambiri sikulu imayenda nako limodzi. Tsiku loyamba mudzatha ola lathunthu pa mavavu 8 amenewo, ndipo palibe cholakwika.

Fila geji yomweyo ndiyo yoyezera mapointi mu disitibyuta, mamilimita 0.4. Kenako kababu kaja kamalowa ntchito. Waya wina mulumikize pa koyilo polembedwa 1, wina pa chitsulo cha injini, tsegulani kiyi osaliza, ndipo tembenuzani pule ndi sipanala. Babu limayaka pamene mapointi akutseguka, ndipo apo m'pamene moto umapita ku pulagi. Liziyaka chizindikiro cha pa pule chikangofika pamsoko pamene zigawo ziwiri za injini zimakumana. Mapule ena ali ndi zizindikiro zingapo, ndiye choyenera muchipeze m'buku la injini yanuyo. Kababu komweko kadzakuuzani ngati fyuzi yapsa, ngati magetsi akufika ku hutala, ngati waya waduka m'kati. Multimeter, chida choyezera mavoti, idzabwere pambuyo: batire lodzaza limaonetsa mavoti 12.6, injini ikulira lizifika pafupifupi 14.

Ndalama ikadzapezeka gulani soketi ya 36 ndi chogwirira chachitali cholimba. Nati ya ekiselo yakumbuyo imamangidwa pafupifupi 300 Nm, ndipo popanda soketi imeneyo mabuleki akumbuyo simudzawaona.

Funso lochokera ku Kasungu: Masitandi oikira galimoto ndi okwera mtengo. Kodi jeke ndi njerwa sizingakwane?

Ayi bambo, ndipo pa ili sindinyengerera. Jeke ntchito yake ndi kukweza, osati kusunga galimoto m'mwamba. Njerwa nazo sizichenjeza, zimangophwanyika kamodzi.

Chaka china m'nyengo ya dzinja ndinkasintha mabushi pa Peugeot 504 pabwalo la dothi. Ndinaikweza ndi jeke ya botolo, pansi pake ndinasanja njerwa zootcha zitatu, tayala ndinalichotsa n'kuligoneka pansi pa galimoto mwachizolowezi chabe. Ndili chagada, dzanja lili pa bawuti, ndinamva kaphokoso kakang'ono ngati munthu waponda chigoba cha mtedza. Jeke inali ikumira m'dothi lonyowa, kulemera konse kunapita pa njerwa yapamwamba, ndipo inagawika pakati. Galimoto inatsika n'kukhala pa limu la tayala lija, chitsulo chili pafupi kundikhudza pachifuwa. Ndinatuluka chokwawa, ndipo tsiku limenelo sindinagwirenso sipanala, manja ankanjenjemera.

Gulani masitandi awiri a matani 2 kapena 3. Ngati pansi si pa simenti, ikani thabwa lochindikala pansi pa jeke ndi pansi pa sitandi iliyonse. Matayala otsala pansi muwatsekere ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo musanalowe kunsi igwedezeni galimotoyo ndi mphamvu zanu zonse. Tayala limene mwachotsa muziligonekabe pansi pake.

Funso lochokera ku Mzuzu: Ndili ndi Nissan 1400 ya bokosi. Masikulu a pa kabuleta onse mitu yatha, ndipo nati ya paipi ya mabuleki yakana kumasuka. Nditani?

Akulu, masikulu a pa makabuleta a ku Japan amaoneka ngati a sitala wamba koma ndi a muyezo wina wotchedwa JIS, ndipo ambiri ali ndi kadontho pamutu. Sikuludiraiva ya Phillips siifika pansi pa mtandawo, imatumphuka mukapotoza, n'kumadya mutu pang'onopang'ono. Ya JIS imakhala phee. Pa amene atha kale, yesani impact driver, sikuludiraiva imene imapotoza sikulu mukaimenya ndi hamala, koma kabuleta muitsamiritse pa thabwa ndipo menyani mofatsa, chifukwa chitsulo chake n'chofewa, chimang'aluka.

Paipi ya mabuleki ili ndi sipanala yakeyake, yooneka ngati ring'i yodulidwa kampata kolowetsera paipi, ndipo pa galimoto yanuyo ndi ya 10. Tsukani natiyo ndi bulashi yawaya, thirani mafuta omasulira dzimbiri madzulo, mudzaigwire m'mawa. Yambani ngati mukumanga pang'ono kuti dzimbiri lisweke, kenako bwererani. Moto umathandiza pa mabawuti a ekizosi, koma pafupi ndi mabuleki kapena petulo usafikepo.

Funso lochokera ku Balaka: Ndikufuna kusintha gasiketi ya hedi pa Peugeot 504 ya petulo. Anzanga akuti torque wrench n'kutaya ndalama, dzanja limadziwa lokha.

Dzanja limadziwa pa mabawuti a bampala, achimwene. Hedi ya 504 ndi ya aluminiyamu, ndipo mabawuti ake akapanda kufinya mofanana imapindika, gasiketi yatsopanoyo n'kupsanso. Torque wrench ndi sipanala yoyeza mphamvu imene mukumangira bawuti. Ngati simungagule, bwerekani, ndipo mangani kuyambira pakati kupita kunja motsatira manambala a m'buku. Mukamaliza, torque wrench muibwezere pa nambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i yake isatope.

Pali chida china chimene anzanuwo sanakuuzeni, ndipo sichigulidwa. Masilinda a injini imeneyi ndi masilivu ochotseka, ozunguliridwa ndi madzi, ndipo chimene chimawapanikiza pamalo pake ndi hediyo. Mukaichotsa n'kutembenuza injini, pisitoni imakankha silivu m'mwamba, chotsekera cha pansi pake chimasuntha, ndipo mukadzabwezeretsa zonse mudzapeza madzi mu oyilo. Choncho hedi musainyamule molunjika m'mwamba, yambani mwaigwedezera cham'mbali kuti imatuke pa gasiketi masilivu asanyamuke nayo. Ikangochoka, tengani mabawuti ake omwewo, tizidutswa ta paipi ndi mawashala aakulu, mupanikize m'mphepete mwa masilivu onse anayi. Mukatero m'pamene mungatembenuze injini kuti mupale kaboni pamwamba pa mapisitoni.