Za yunifomu ya makadeti: yankho langa kwa achemwali

Achemwali, funso lanu lija ndaliona. Mwati mtsikana wanu wa zaka 13 walowa Army Cadet Force, bungwe la makadeti (achinyamata ophunzira zina za chisilikali), kuno ku Britain, wabwera kunyumba ndi chikwama chodzaza zovala zamawangamawanga, ndipo simukudziwa kuti muyambire pati: jombo mugule zotani, tsitsi lake loluka lija amasule kapena ayi, nanga chipewa chija bwanji chikungoima pamutu ngati banzi. Ana anga awiri adutsa momwemo. Mnyamata anatuluka ali sajeni, mtsikana akadali konko. Zina zimene ndikuuzeni pano ndinazidziwa nditaluza kaye ndalama.

Musagule kanthu sabata ino. Pitani naye limodzi tsiku la perete (tsiku limene makadeti amakumana), mukaonane ndi mkulu wa detachment yakeyo, ndiye kuti nthambi ya makadeti ya m'dera lanu, mukamufunse mafunso atatu okha: jombo za mtundu wanji, tsitsi amalola lotani, ndi chiyani china chimene kholo liyenera kugula. Ndikutero chifukwa malamulo akuluakulu ndi amodzi dziko lonse, koma tinthu ting'onoting'ono timasiyana chigawo ndi chigawo, ngakhalenso detachment ndi inzake. Kwina malaya amawapisira m'thalauza, kwina amawasiya kunja. Manja a malaya amapindidwa m'chilimwe pokhapokha akuluakulu akalamula. Mukatsata mavidiyo a pa YouTube mutha kumuveka mwana ngati msilikali wa ku America, akafika kumeneko n'kuyamba kumumasula chilichonse anzake akuona.

Zovalazo n'zobwereka. Malaya, thalauza, jekete, lamba, bereti (chipewa chija) ndi baji yake amapatsidwa ulere, koma mwini wake ndi unduna wa zachitetezo, ndipo tsiku losiya amakabweza. Choncho musapite nazo kwa telala kuti adule thalauza kapena apanikize malaya kuti "zimukhale bwino". Zikakula kapena kuchepa, amakasinthitsa kusitolo yawo. Nsalu yamawangayo dzina lake ndi MTP, ndi yomwe asilikali a kuno anayamba kuvala mu 2010. Pachifuwa pamakhala kansalu kolowetsa kolembedwa CADET, pomwenso pamadzakhala nyota akakwezedwa kukhala lansi kopolo kapena kopolo. Kansalu kameneko sikachoka, chifukwa ndi kamene kamasiyanitsa mwana wasukulu ndi msilikali weniweni.

Ndipo apa ndipatuke pang'ono, poti ndikudziwa zimene zimabwera mumtima. Ife amene tinakula tikuona a Payoniya akuimitsa anthu pamsika kufunsa khadi, mpaka asilikali anadzawalanda zida mu Disembala 1993, tikaona mwana mu yunifomu mtima umagunda. Bambo a kunyumba kwanga anakana kwa miyezi itatu. Koma ichi si usilikali ndipo si chipani. Ndi bungwe la achinyamata a zaka 12 mpaka 18, oyang'anira ake ambiri ndi anthu wamba ongodzipereka madzulo akaweruka kuntchito, ndipo palibe amene adzakakamize mwana wanu kulowa usilikali akamaliza. Mnyamata wanga uja pano akuphunzira zamagetsi.

Tibwerere ku jombo, poti ndi zokhazo zimene zimatuluka m'thumba mwanu. Ine ndinathamangira kugula zakuda, zonyezimira bwino, poganiza kuti msilikali ndiye jombo zakuda monga tinazolowera kuona kwathu. Kufika nazo kuja ana onse avala zabulawuni, chifukwa asilikali a kuno anasiya zakuda kalekale pa zovala zogwirira ntchito. Anamulola kuvala mpaka zitathina, koma mwana sanasangalale nazo. Gulani zofika pamwamba pa akakolo, zomanga ndi zingwe, zopanda zipi m'mbali komanso zopanda chitsulo kuzala. Zamtengo wapatali ngati Altberg zisiyeni kaye. Phazi la mwana wa zaka 13 likukula, pakatha chaka mudzagulanso. Funsani makolo anzanu, nthawi zambiri pamapezeka wina amene mwana wake zamuthina zikadali zabwino. Pokayesa avale masokosi okhuthala amene azidzavala kuperete. Akagula aziyenda nazo m'nyumba ndi popita kushopu kwa milungu iwiri kapena itatu. Mwana amene amavala jombo zatsopano tsiku lonyamuka kupita kukampu amabwerako ndi matuza mapazi onse.

Kupolisha sindikuphunzitsani, tonse tinadutsa m'manja mwa aphunzitsi oyendera nsapato Lolemba m'mawa. Mabulashi awiri, ina yopakira ina yopukutira, polishi wofanana ndi mtundu wa jombo. Chimene ana amaiwala ndi matope a kunsi ndi m'mphepete mwa soli, ndipo oyendera amayambira pomwepo. Zikanyowa musaziike pa hita, chikopa chimang'ambika. Ikanimo nyuzipepala ziume zokha.

Tsopano tsitsi, lomwe ndikuona kuti ndiye nkhawa yanu yeniyeni. Samasula chifukwa choti ndi loluka ayi. Asilikali a kuno amalola tsitsi loluka, ndipo atsikana akuda ambiri amaguba nalo. Nkhani ili pa kalukidwe. Woyendera amayang'ana zinthu zitatu: bereti ikukhala bwino pamutu, tsitsi silikugwera kumaso, mtundu wake ndi wachibadwa. Ndiye mesh wautali wofika m'chiuno uja, wosakaniza ndi wofiira kapena wabuluu, sangathandize. Ukamangidwa kumbuyo umapanga chimtolo chachikulu chimene chimakankha bereti kuti ipendamire kutsogolo, ndipo mwana amakhala akuikonza perete yonse. Mikanda, timphete ta m'tsitsi ndi maliboni ndiye ayi.

Chimene chinatiyendera ife ndi mizere yopita kumbuyo, yosakhuthala kwambiri, yothera m'kamfundo kakang'ono pansi penipeni, pamwamba pa khosi, n'kukuta ndi kaneti kakuda. Mfundoyo ikhale pansi pa mzere wa bereti, osati pakati pa mutu. Woluka mumuuze zimenezi asanayambe, ndipo ngati n'kotheka mutenge bereti yomweyo pokaluka kuti ayese. Ine ndinalipirapo ndalama zambiri Loweruka, mwana n'kukongola ngati mkwatibwi, Lachiwiri usiku tili pansi kumasula awiriwiri iye akulira. Kuyambira pamenepo masitayilo aatali timasungira tchuthi cha Khirisimasi. Pa kampu ya chilimwe, yomwe imatenga sabata kapena kuposerapo, mizere yomweyi ndi imene imapulumutsa, chifukwa m'mawa nthawi yokhala pagalasi kulibe. Mumuikire kaduku kogonera ndi kabotolo ka mafuta ake.

Amene muli ndi anyamata, tsitsi lisakhudze makutu ndi kolala, ndipo zojambula za kwa ometa zija, timizere ndi nyenyezi m'mbali, zidikire. Ndevu asilikali a pamtunda anayamba kuloledwa mu 2024, koma zokonzedwa bwino. Tindevu titatu ta mnyamata wa Fomu 3 ndi bwino kungometa. Ovala hijabu kapena nduwira chifukwa cha chipembedzo amaloledwa, amangouzidwa mtundu woyenera.

Ndolo zolendewera, mphete, zibangili ndi mikanda ya m'khosi azisiya kunyumba. Kumene amalola ndolo, ndi timadontho ting'onoting'ono, kamodzi khutu lililonse, ndipo pa masewera ndi m'tchire amavula. Ichi si nkhanza: ndolo ikakodwa m'chingwe kapena mu nthambi khutu limang'ambika. Zikhadabo zazifupi, zopanda kyuteksi, zomata zija ayi. Ngati akufuna kuboola makutu, aboole kumayambiriro kwa tchuthi chachitali kuti pofika nthawi yobwerera akhale atapola.

Bereti yatsopano imaimadi ngati banzi, simunalakwitse kanthu. Imafunika kuumbidwa. Tengani mabeseni awiri, lina la madzi otentha lina la ozizira. Aviike nsaluyo m'otentha kenako m'ozizira, kangapo, koma kachikopa ka m'mphepete kasanyowe kwambiri poti kamafota. Afinye pang'ono n'kuvala ikadali yonyowa. Baji ikhale pamwamba pa diso lakumanzere, kachikopa kayende mowongoka kuzungulira mutu, zala ziwiri pamwamba pa nsidze. Dzanja lamanzere ligwire baji kuti isasunthe, lamanja likokere nsalu yotsalayo kumanja, kutsikira kukhutu, n'kumaisalaza. Akhale nayo pamutu mpaka itatsala pang'ono kuuma, aziwonera TV madzi akutsikira m'khosi, ndi mmene onse anayambira. Tizingwe ta kumbuyo amange n'kutilowetsa m'kati. Aumbe ali ndi tsitsi limene azidzavala kuperete, chifukwa bereti youmbidwa pa tsitsi lomasula siikwana pa loluka. Mu makina ochapira kapena owumitsira isalowemo.

Mtundu wa bereti ndi baji zimatengera gulu la asilikali limene detachment yake inalumikizidwa nalo. Olumikizidwa ndi The Rifles amavala yobiriwira moderako, a Parachute Regiment yofiira moderako, a Royal Regiment of Fusiliers amakhala ndi nthenga yofiira ndi yoyera kuseri kwa baji, ndipo ku Scotland ambiri savala bereti konse koma chipewa chawo cha kumeneko. Ndiye musadabwe kuona mwana wa mnzanu wa tauni ina atavala zosiyana, ndipo musamubwerekere. Adziwenso kuti sawacha amamenya pokhapokha chipewa chili kumutu, ndipo amamenyera maofesala, osati asajeni.

Kusita ndiye pamene ndikufuna mundimvetse, achemwali. Musamusitire. Ndikudziwa manja amayabwa, ife amayi a kwathu sitifuna mwana atuluke m'nyumba ndi makwinya, timaona ngati akutinena ndife. Ine ndinkasita ndekha usiku uliwonse wa perete, mpaka tsiku lina ndinaotcha timapepala tomata ta pamkono tija ndi ayironi yotentha kwambiri, tinafota n'kusiya kugwira. Mwana atafunsidwa anayankha kuti "amayi ndi amene anasita". Sajeni sanakalipe za kupsako. Anangomufunsa kuti kadeti ndi ndani, iye kapena amayi ake. Anabwera kunyumba atakwiya, koma kuyambira tsiku limenelo sindinagwirenso yunifomu yake. Ndipo ali ndi chifukwa: kukampu inu kulibe, ndipo mwana amene sanagwirepo ayironi amaonekera tsiku loyamba. Kuyendera kuja sayendera nsalu, amayendera ngati mwanayo akutha kudzisamala. Muonetseni kamodzi kapena kawiri, kenako khalani pampando muzingoloza.

Pomuonetsapo, ayironi ikhale yapakatikati, ndi nthunzi, ndipo pa zomata ndi pa mabaji aziyala kansalu kaye kapena kuzilambalala. Matumba awasalaze, mabatani ndi zipi zonse zitsekedwe, tiulusi tolendewera adule ndi sizasi. Mzere wa thalauza ukhale umodzi kutsogolo, umodzi kumbuyo. Mizere iwiri yoyandikana ngati njanji ndi imene amaseka nayo anzake. Kumapazi thalauza silimalowetsedwa mu jombo. Pali timalasitiki tobiriwira timene amati twisters, amamanga pamwamba pa jombo n'kupindira thalauza m'kati mwake. N'totchipa koma timasowa ngati masokosi, gulani tambiri. M'matumba asadzazemo foni ndi maswiti mpaka kutukumuka. Kabuku ndi cholembera basi. Pochapa tsatirani zolembedwa pa kansalu ka m'kati, musathire jiki.

Mabaji a nyenyezi (osonyeza gawo la maphunziro limene wafika), a chithandizo choyamba, a kuwombera ndi a mphoto ya achinyamata yotchedwa Duke of Edinburgh's Award amabwera pang'onopang'ono akamakhoza, ndipo iliyonse ili ndi malo ake pamkono. Asamate imene sanaipeze, ngakhale ikugulitsidwa pa eBay. Chimodzimodzi mamendulo. Mu Novembala makadeti amaguba pa mwambo wokumbukira asilikali amene anafa pankhondo, Lamulungu lachiwiri la mweziwo, ndipo imeneyo ndiye perete imene anthu a m'tauni yonse amaonerera. Ngati m'banja mwanu muli mamendulo a agogo amene anamenya nkhondo mu King's African Rifles, aja chipilala chawo chili ku Zomba, mwambo wa kuno ndi woti wachibale amavala kudzanja lamanja la chifuwa, poti kumanzere n'kwa mwini wake amene anawapeza. Akapemphe kaye chilolezo kwa mkulu wake. Tsiku limenelo kumazizira koopsa ndipo amaima nthawi yaitali osasuntha, choncho adye bwino m'mawa ndipo avale zotenthetsa m'kati zosaonekera pakhosi.

Yunifomu ndi ya kuperete ndi kuzochitika zawo zokha. Asapite nayo kutauni kukacheza, asasakanize jekete yake ndi jinzi, ndipo zithunzi zovina nayo pa TikTok zabweretserapo ana mavuto. Madetachment ambiri amanena kuti popita ndi pobwera pa basi azivala jekete wamba pamwamba, bereti ili m'thumba. Ndipo mukamapita kumudzi patchuthi musaiike m'sutikesi kuti agogo akaone mdzukulu ali msilikali. Ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe munthu wamba saloledwa kuvala zamawanga zofanana ndi za asilikali, mutha kuvutika nazo pa rodibuloko popanda chifukwa. Agogo atumizireni chithunzi pa WhatsApp.

Chomaliza, gulani cholembera chosafufutika mulembe dzina lake m'kati mwa chilichonse: bereti, malaya, lamba, jombo zonse ziwiri, ngakhale masokosi. Kukampu ana ambirimbiri amakhala ndi zovala zofanana ndendende, ndipo wanga anabwerako chaka choyamba ndi jombo ziwiri za phazi lamanzere. Ngati phazi la mtsikana wanu lili pa saizi 5, ndili ndi zabulawuni zimene wanga zamuthina, ndiuzeni ndikubweretsereni kutchalitchi Lamulungu.