Amayi akusamalira abambo okhaokha, nanga amayiwo akagwa?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala pa boma ku Salima. Makolo anga ali kumudzi cha ku Chipoka, awiriwiri. Abambo anayamba kalekale kuiwalaiwala, pano sazindikiranso adzukulu awo, ndipo wowasambitsa, wowaphikira ndi wowalondola akasochera ndi amayi okha. Chimvereni nkhani ya katswiri wa mafilimu wa ku America uja, Gene Hackman, amene anamupeza atafa m'nyumba pamodzi ndi mkazi wake, tulo sindikutiona. Ndapempha amuna anga kuti tiwatenge makolowa, akukana, akuti nyumba ndi ya lendi ndiponso njochepa. Achimwene ali ku Joni akuti iwo amatumiza ndalama, basi. Kumudzi ena ayamba kunong'ona kuti abambo ndi mfiti chifukwa amatuluka usiku. Kodi amuna angawa amadana ndi makolo anga?

Wodandaula, Salima

Mwana wanga,

Mantha anuwo ali ndi pogwira, koma mwawalozetsa kolakwika. Tiyambe ndi zimene zinachitika. Hackman anali ndi zaka 95, mkazi wake Betsy Arakawa 65. Mitembo yawo inapezeka pa 26 February 2025 kunyumba kwawo ku Santa Fe, New Mexico. Anthu sanachedwe kulankhula, ena amati aphedwa, ena amati ndi mpweya woipa wa gasi. Madokotala atapima anapeza kuti woyamba kumwalira anali mayiyo, ndi matenda a hantavirus ochokera ku ndowe ndi mkodzo wa mbewa. Bamboyo, amene ankadwala matenda oiwala a Alzheimer's, anakhalabe m'nyumbamo pafupifupi sabata, ndipo kachipangizo kothandiza mtima wake kanaonetsa kuti anatsirizika cha pa 18 February ndi matenda a mtima. Panadutsanso sabata ina munthu asanasuzumire pawindo.

Mwaona pamenepo? Amene anatsogola ndi wamng'ono, wamphamvu uja, amene aliyense ankamudalira. Nonse maso ali pa abambo, koma nyumba ija yaima pa amayi anu, ndipo palibe akuwafunsa kuti mwadzuka bwanji. Amayi akakomoka kubafa, abambo sangaimbe foni, mwinanso sangakumbuke kuti pali chachitika.

Amuna anu sindikuwaona chidani. Munthu wodwala matenda oiwala ukamuchotsa pamalo pamene anazolowera amasokonezeka kwambiri. Kumudzi miyendo yake imadziwa yokha njira ya kuchimbudzi. Pa boma adzatuluka pageti kusaka kwawo n'kukathera mumsewu wa magalimoto. Musaphwasule banja pa nkhani imeneyi. Apempheni zimene angathe, monga ndalama ya minibasi kuti muzipita ku Chipoka sabata iliyonse, ndi kulola kuti muzikagonako usiku umodzi.

Chofunika msanga ndi munthu wapafupi wodziwika ndi dzina, osati kungoti "abale alipo". Ntchito ya aliyense siigwirika. Sankhani mnansi kapena mdzukulu wamkulu amene azigogoda kawiri pa tsiku, m'mawa isanakwane 7 koloko ndi madzulo, mpaka aone nkhope ya amayi ndi maso ake. Akhale ndi kiyi wapadera, ndipo mpiringidzo wa m'kati uchoke, muike loko yotsekuka mbali zonse. Inu muziimba foni nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Mukaimba kawiri osayankhidwa, imbirani mnansi uja pompo, osamadzitonthoza kuti mwina foni yatha moto. Foni ya amayi ikhale ya mabatani, yosunga moto masiku angapo, ndipo manambala atatu alembedwe ndi zilembo zikuluzikulu pakhoma.

Amayi apite kuchipatala akayezedwe BP ndi shuga, ngakhale akunena kuti ali bwino, poti azimayi a msinkhu wawo amanena choncho mpaka tsiku logwa. BP ikamafika 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, ndi ya mankhwala, ndipo mankhwalawo sasiyidwa chifukwa choti mutu waleka kuwawa. Mnansi uja adziwe zizindikiro za sitiroko: kamwa kupotokera mbali imodzi, mkono kufooka, mawu kutuluka mokokakoka. Akaona zimenezo asayambe ndi phala kapena kudikira kuti kuche, apeze galimoto yopita kuchipatala. Mabuku a kuchipatala a onse awiri azikhala malo amodzi odziwika, ndipo pakhale wina woposa amayi wodziwa mankhwala amene abambo amamwa ndi nthawi yake.

Abambo muwasokere kansalu m'malaya kolembapo dzina, mudzi ndi nambala ya foni. Ku Chipoka nyanja ili pafupi, msewu wa M5 ulinso pomwepo, choncho asodzi ndi a kabaza awadziwe. Pachitseko mangani kabelu kapena zitini kuti zilire akamatuluka usiku. Mu October ndi November apatseni madzi m'manja pafupipafupi, okha sapempha. Mu June mbaula isagone m'nyumba yotseka. Za makoswe, ndowe zake musasese zouma: zinyowetseni ndi jiki gawo limodzi m'magawo 9 a madzi, dikirani mphindi 5, kenaka pukutani mutavala majumbo m'manja.

Achimwene auzeni mwaulemu kuti ndalama sisambitsa munthu, koma ikhoza kulipira wosambitsa. Gawo lina lizipita mwezi ndi mwezi kwa wothandiza, kuti amayi azipuma masiku awiri pa sabata, apite kutchalitchi kapena angogona masana. Itanani atsibweni akhale pakati, achimwene amvetsere pa WhatsApp, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe m'kope, dzina ndi tsiku lake.

Nkhani ya ufitiyo musaitenge ngati miseche wamba, chifukwa okalamba ena m'dziko muno aphedwa zitayamba ndi kunong'ona komweku. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Pitani kwa amfumu pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, mutanyamula buku la kuchipatala, akafotokozere mudzi kuti kuyenda usiku ndi chizindikiro cha matendawa. Wina akaopseza, kadandauleni kupolisi tsiku lomwelo.

Azakhali